Kapasita ya M'gumbagumba ya a Paison

A Paison anabwera ndi zinthu ziwiri kuchokera ku migodi ya ku Joni: gumbagumba ndi chifuwa. Gumbagumba inasiya kuimba kalekale, koma chifuwa ndiye chinkaimba tsiku lililonse, fumbi litadya mapapo. Mwana wawo wa ku Lilongwe atatumiza makina a mpweya, ntchito yowalumikiza ku sola inagwera mkamwini wawo Yoramu, wokonza mawailesi pa Tsangano.

Makinawo anali ndi khalidwe la mlamu waulesi. Akayamba ntchito ankagwira bwinobwino, nkhondo inali podzuka. Powayatsa ankakoka moto wambiri nthawi imodzi, batire n'kufooka kaye, ndiye swichi poona mphamvu yatsika inkadula yokha. Mankhwala ake ndi kapasita, kachitini kosunga moto kamene amakaika pafupi ndi swichi, kuti makina akamameza koyamba ameze za m'menemo. Yoramu anawerengera pakatoni ya sopo, n'kupeza kuti imene anaikapo, yonga chala chakanise, inali yochepa kanayi. Dzuwa likawala inkanamizira kugwira. Kukachita mitambo, kuyatsa kasanu, kupemphera kawiri.

Yaikulu pamsika panalibe, ndipo amene anamutuma ku Blantyre ankangoti mawa. Komatu Yoramu ankadziwa kumene kunali ziwiri zonenepa ngati mbatatesi: m'mimba mwa gumbagumba ija, imene inkagona pabalaza itafunda nsalu yoluka ngati mkwatibwi.

Mkamwini sayamba yekha nkhani yotere. Anatuma mkazi wake Tisungane, amene anabwerako ndi yankho lakuti munthu anapatsidwa kale mwana ndi munda, tsopano akufunanso matumbo a gumbagumba. Ndiye anapita yekha, n'kunjuta pakhomo.

"Bambo, n'kachitsulo kamodzi chabe. Yanga ikafika ndibwezeramo."

"A Yoramu, ine ndinalowa pansi zaka khumi ndi zinayi kuti ndigule chimenecho. Inu munalowa pati? M'nyumba mwa mwana wanga basi."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Yoramu naye anaseka, poti mpongozi akaseka sumusiya yekha. Atatuluka anamata pulasitala paswichi, nalemba pakhoma ndi khala kuti OSAZIMITSA.

Lachinayi lina mu Juni, nkhungu itakhala paphiri masiku atatu, Yoramu anali kudimba ndipo Tisungane kuchigayo. Kunabwera amayi a mpingo kudzazonda wodwala. Mtsogoleri wawo, a Mervis, anayamba pemphero, koma makina aja ankawaposa mawu. Anati Mulungu sangamve bwino m'nyumba muli chigayo. Zolemba pakhoma anaziona, nati kamphindi sikapha munthu. A Paison nawo anagwedeza mutu, poti nyimbo ankazikonda. Pulasitala uja anamatulidwa.

Anaimba ndime zonse zinayi. Atati Ameni, a Mervis anadina swichi. Inangoti thi! n'kukhala chete. Anadinanso. Mayi wina anathamangira kudimba.

Yoramu anafika matope ali m'maondo. Anadina katatu, makina akungobuula n'kufa. Batire inali ndi moto wokwanira kuwayendetsa mpaka madzulo, koma wowadzutsa munalibe. A Paison milomo inali itada, akukoka mpweya ndi mapewa. Yoramu anachotsa nsalu yoluka ija, natenga sikuludiraiva. Mkuluyo anatukula chala chimodzi. Kaya chinali choletsa, kaya chololeza, palibe anafunsa.

Zomangira zinali zitachita dzimbiri, ndiye anathyola thabwa lakumbuyo ndi mpini wa khasu. Chitsulo chake chowotcherera mawaya chinkafuna makala, koma mbaula inali yozizira. Amayi aja anakupiza moto ndi mabuku a nyimbo, wina akulira, wina akukalipira mnzake kuti akukupiza ngati sanadye. Yoramu anazula makapasita onse awiri, nawalumikiza osatembenuka, chifukwa kumbuyo kwake phokoso la chifuwa lija linali litayamba kutalikirana.

Anadina kamodzi kokha. Makina anadzuka ngati mwana womvera.

Pamene amatembenuka anapeza a Mervis atavula kale chitenje chawo, akufunditsa a Paison kumaso. Amayi amene anabwera ndi nyimbo za odwala sanavutike kubwerera kunyumba, anangosintha tsamba.

Pofika masana abale anali atadzaza pabwalo. Ankalowa mmodzimmodzi, kuyang'ana maliro pang'ono, kuyang'ana gumbagumba nthawi yaitali. Kuseli kwa nkhokwe nkhani inali yakuti mkamwini wayamba kugawa chuma mwini wake akupumabe.

Yoramu sanamve zimenezo. Anali atakhala pansi pafupi ndi batire, akuzimitsa makina n'kuyatsanso, kuzimitsa n'kuyatsanso. Kunja nkhungu inali yomwe ija, koma ankadzuka ulendo uliwonse.

Tisungane anabwera n'kugwada pambali pake, ufa wa kuchigayo udakali m'tsitsi, namuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Ulemu, zimitsani tsopano. Anthu akufuna kulira."