Tsitsi la Rosinha

Ine ndinakana. Zimenezo zidziwike kaye, chifukwa kuno ku Mongue nkhani ikangofika pamjigo imabwerako ili ina. Ndinakana pamaso pa aphunzitsi a Hélio, ndinakananso pamaso pa dona wa ku Kelimane amene anabwera ndi makamera.

Anthuwo akujambula kanema kuchokera m'buku lakale la ana, la mtsikana wamasiye amene anawoloka mtsinje atanyamula bakha. Tonse amene tinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi timalidziwa. Linali limodzi kalasi yonse, ndipo pachikuto panali kamtsikanako, mutu mpala, poti nkhaniyo imayamba tsiku lometa maliro a bambo ake. Pa ana onse a pasukulu anasankha Rosinha wanga, wa zaka khumi ndi chimodzi. Anabwera kunyumba akuthamanga, nsapato zili m'manja.

"Chatsala n'chimodzi, mayi," anatero donayo, aphunzitsi akumasulira. "Lachisanu abwere atameta mpala. Aliyense amakumbukira chithunzi chija."

Ndinawauza kuti kunyumba kuli matenda. Amuna anga, a Laurindo, ali pamphasa chikololere nandolo. Kuchipatala cha ku vila, kutauni kwathu, tinapita, ku Malawi tinawoloka, mankhwala adzadza kachitini, koma munthu akungotha. Ndiye ine nditenge lumo, ndimete mwana kumeta kwa masiye, bambo ake akupuma m'nyumba? Ndinapempha kuti avale duku. Ndinapempha kuti tingodulira ndi sizasi. Donayo anapukusa mutu mwaulemu, ati kamera imaona zonse, ndipo ngati n'zosatheka atenga mwana wina wa ku Majaua. Ndinati mutengeni.

Rosinha analira masiku awiri. Ine sindinamunyengerere, ndinali ndi zanga zolirira. Bambo ake sitinawauze chilichonse.

Lachinayi m'mawa ndikuchokera kumunda ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pansi, lumo la bambo ake lili m'manja. Tsitsi linali mbwee pansi. Mutu anali atausenga mwa zigambazigamba, kwina kosalala, kwina kuli timitsitsi, pamwamba pa khutu pakutuluka magazi. Ndinafuna kumumenya koma dzanja linakana kudzuka.

"Amayi, ndimangofuna..."

"Khala chete. Wandipha, mwana iwe."

Ndinatola tsitsilo limodzilimodzi, ndikukwawa ngati nkhuku yotola mapira, n'kukalitaya kuchimbudzi. Ndinavula duku langa n'kumumanga mpaka m'nsidze.

Mantha anga anali awiri, koma amodzi ndiwo ankandidya. Alamu anga a Adelaide, amene anabwera kudzadwazika mchimwene wawo, ankanena kale kuti ndatopa nawo odwalawo. Amenewo ndikanalimbana nawo, pakamwa ndili napo. Koma a Laurindo asaone. Munthu amene watsala pang'ono chonchi, akaona kuti pakhomo pake ayamba kumeta iye ali maso, angadyenso? Ndipo phala sankalandira kwa wina aliyense, koma kwa Rosinha basi. Ine ndikawapatsa ankatembenukira kukhoma.

Dzuwa litafika paliwombo ndinazengereza. Ndinati phala latentha, kenako ndinati lazizira, ndikalitenthetsenso. Mawu anamveka m'nyumba, otsika kwambiri: "Mwana ali kuti?"

Tinalowa. Alamu anali atakhala kumiyendo kwa odwala, ndipo maso awo anathamangira pamutu pa mwanayo.

"Duku la chiyani kutentha konseku?"

"Chipere, alamu," ndinatero. "Chamutuluka dzulo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, ati akafune masamba opaka, n'kutuluka. Ndinapemphera chamumtima kuti mbale ithe msanga. Supuni yoyamba inalowa, yachiwiri, yachitatu. Pa yachinayi a Laurindo anatukula dzanja, monga amachitira masiku onse, n'kuliika pamutu pa mwana wawo. Linakhala pomwepo. Zala zinayendayenda pamwamba pa nsaluyo, kufunafuna mangongo aja ndinamuluka Lamulungu. Kenako anakoka dukulo pang'onopang'ono, ine ndikuona, osatha kuchita kanthu.



"Amake Rosinha," anatero, "mwayamba kale?"

Ndinagwa maondo. Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, ndinatchula mayi anga kumanda, sindikudziwanso zimene ndinanena. Iwo sankandiyang'ana. Ankayang'ana denga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa, ngati munthu amene watula katundu panjira n'kunena kuti basi. Mtima wanga unasweka pamenepo.

"Ababa, ndameta ndekha," anatero Rosinha akusisima. "Amayi anakaniza. Andisankha kuti ndikhale mtsikana wa m'buku, wa bakha uja. Akujambula mawa."

Maso a bambo ake anatsika padenga paja.

"Wa bakha? Wowoloka mtsinje?"

"Eya."

"Pa ana onse asankha iwe?"

Mwanayo anagwedeza mutu. A Laurindo anamuyang'anitsitsa, n'kumutembenuza mutu uku ndi uku ndi zala ziwiri. Ndiye anakhosomola, kapena kunali kuseka, sindinasiyanitse.

"Wasiya zigamba. Ukatichititsa manyazi. Amake, lumo, sopo ndi madzi. Ndidzutseni."

Ndinati ayi. Ndinati bambo a Rosinha, chonde, zimenezi ayi. Anangobwereza kuti ndidzutseni. Ndinawatsamiritsa kukhoma, mwana n'kugwada pakati pa miyendo yawo. Dzanja lawo linkanjenjemera mwakuti lumo likanamucheka, ndiye ndinaligwira pamkono, ine amene ndinakana pamaso pa anthu onse aja, n'kumaliyendetsa pamutu pa mwana wanga. Misozi inkandilepheretsa kuona, iwo ndiwo ankandiuza kuti apa, apanso, kuseri kwa khutu.

Pakhomo panada. Alamu anali ataima pamenepo, masamba atagwa m'manja.

"Achemwali, lowani muone bwino," anatero a Laurindo, akupumira m'mwamba. "Ndameta ndine. Pasadzapezeke wonena kuti ndi mkazi wanga." Anapuma kaye, n'kupukuta sopo pamutu posalalapo ndi chikhatho. "Mawa apite akajambulidwe. Ndipo tsiku lija likafika, mwanayu musadzamuvutitsenso ndi lumo. Wameta kale."