Phazi la Rinki pa Buku

Dhaniram Kushwaha anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo nsungwi yake sinagonepo ndi njala. Ana ankamutchula kuti Nsungwi. Iye dzinalo ankalidziwa, ndipo ankalinyadira. Makolo nawonso sankaona cholakwika. Pobweretsa mwana tsiku loyamba ankanena mawu omwe makolo awo ankanena kale: "Aphunzitsi, mnofuwo ndi wanu, ife mutisiyire mafupa."

Koma dzanja lozolowera limaphonyanso. Tsiku lina Sukhai, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wa munthu woumba njerwa, analephera kuchulukitsa seveni ndi eyiti. Dhaniram analunjika paphewa, mwanayo anatembenuka, nsungwi inatera pakhutu lakumanzere. Magazi anatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala ya yunifomu. Khutu limenelo silinamvenso.

M'mawa mwake kunabwera bambo wa mwanayo, Bhagelu, ndi alamu ake awiri, matope a kuuvuni adakali m'miyendo. Anamukoka Dhaniram m'kalasi ana akuona, namugwetsera pafupi ndi mjigo, kumupondaponda m'nthiti mpaka mpweya kumuthera. Kenako Bhagelu anayala dzanja lamanja la mphunzitsiyo pasimenti, natulutsa njerwa imene anabwera nayo.

"Tinapangana kuti mafupa mundisiyire," anatero Bhagelu. "Lero nditengako anu."

Zala ziwiri zinaphwanyika. Zinapola zitapindika, moti choko sichinkagwirikanso.

Ahedi a sukuluyo, a Awasthi, sankafuna za apolisi. Anamuitana Dhaniram n'kumuponyera makiyi patebulo.

"A Dhaniram, m'kalasi simulowanso. Pitani kulaibulale. Mabuku alibe makutu, kawamenyeni mmene mungafunire."

Laibulale yake inali chipinda chakumapeto, cha makabati achitsulo atatu okhala ndi maloko a dzimbiri, fumbi lofika m'mawondo a khoswe. Masabata awiri Dhaniram ankangokhala pampando, manyazi akumudya. Zala sizinkamupweteka ngati zimene ankaona pawindo: uko kuuvuni, Sukhai akuyendetsa bulu wonyamula njerwa, atapendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lotsalalo. Mwanayo kusukulu sanabwerenso.

Tsiku lina, posowa chochita, anathyola maloko aja. Anapeza mabuku a zithunzi mazanamazana, ena masamba ake adakamatana, osatsegulidwapo chibwerere. Anakhala pansi n'kuwerenga la khwangwala wakuba mkate mpaka kumapeto, munthu wamkulu ndi ndevu zake zoyera. Kuyambira tsiku limenelo anafuna chinthu chimodzi chokha: mwana mmodzi alowe pakhomo lija mwa kufuna kwake, osakokedwa, osanjenjemera.

Anasesa, anapaka laimu, anadula miyendo ya mabenchi. Anabweretsa mphasa kuchokera kwake, natsitsa mabuku onse m'makabati n'kuwaika m'madengu pansi. Ena anawasiya otsegula pamphasa kuti zithunzi ziziitana zokha.

A Awasthi ataona anagwira m'mutu.

"Mabuku pansi? Pamene pamayenda mapazi? Mayi Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, akulangani, bambo inu."

"Ana a sitandade wani ndi afupi, ahedi. Ngati Mayiwo akuwafuna, atsike."

"Njerwa ija inakugundani m'mutu, osati pazala."

Mwezi wathunthu sikunalowe mwana. Ankasuzumira pawindo, iye akamwetulira ankabalalika ngati anapiye aona kabawi. Ndani akanawanena? Nkhope imeneyo ikamwetulira kale, zinkatanthauza kuti wina alira posachedwa.

Ndiye Lachinayi lina, nthawi ya chakudya chamasana, ana onse atafola pamzere wa mpunga ndi mphodza, pakhomo panaima kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kopanda nsapato, tsitsi lomangidwa ndi riboni yofiira. Anali Rinki, mlongo wake wa Sukhai. Dhaniram anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Aphunzitsi," kanatero kamtsikanako, kakuyang'ana pansi, "mabukuwa amaloledwa kupita kunyumba?"

"Amaloledwa, mwanangu. Lowa."

Kanalowetsa phazi limodzi, kenako linalo.

"Ndikufuna la njovu. Si langa ayi. Achimwene anga amakonda njovu."

Dhaniram anagwada n'kuyamba kufufuza m'dengu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sanasangalalepo chonchi.

"Iwe! Mzere uli uku, ukutani muno?"

Anali Pramod, mphunzitsi wachinyamata amene anatenga kalasi ya masamu ija, ndi nsungwi yomwe. Rinki anadzidzimuka, nabwerera m'mbuyo, phazi lake n'kutera pabuku lotsegula.

Ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti buku silipondedwa. Ukaliponda mwangozi umachotsa phazi msanga, n'kuligwira bukulo, n'kudzigwira pamphumi popepesa. Rinki ankadziwa zimenezo. Koma mantha anamuumitsa, phazi linakhala pomwepo.

"Chotsa phazi, mwana wa bulu!" Nsungwi inalira m'katumba mwa mwanayo. "Ana a kuuvuni inu, mumayesa chilichonse ndi matope!" Inaliranso, ndipo khungu linang'ambika.

Yachitatu inatera m'dzanja la Dhaniram, pazala zopindika zija. Ululu unakwera mpaka m'mano.

"Pramod, basi. Mwanayu wapondera mantha. Tuluka muno."

"Aa, aphunzitsi, lero mwasanduka woyera mtima?" Pramod anaseka. "Ine ndinaphunzira kwa ndani? Ndivule malaya muwerenge zipsera zanu kumsanaku? Chokani, achikulire, kasewereni ndi madengu anu."

Pramod anamukankha pachifuwa, nakweza nsungwi kachinayi.

Dhaniram anaigwira ndi dzanja lamanzere, kuipotoza, n'kuilanda. Zimene zinatsatira sanaziganize, thupi linangokumbuka lokha. Yoyamba pakamwa. Yachiwiri m'khosi. Pramod anagwera m'dengu, mabuku anamwazika, ndipo Dhaniram anamutsatira pomwepo, kumsana, m'manja amene ankadzitchinjiriza nawo, m'mawondo, kumsananso. Magazi anadonthera pamphasa, anathimbirira pakhoma lopakidwa laimu lija, anagwera pakhwangwala wakuba mkate. Pramod ankakuwa ngati mmene ankakuwira ali sitandade foro: "Aphunzitsi, pepani! Aphunzitsi, sindidzayambiranso!"

Tinene zoona: Dhaniram zinamukomera. Miyezi iwiri ya manyazi inatuluka yonse kudzera m'nsungwi imeneyo, ndipo mumtima ankadziuza kuti nthawi ino akumenya wolakwa weniweni. Ana amene anasiya mzere n'kudzaza pawindo sanawaone. Sanaonenso atathawa.

Pramod anakwawa mpaka pakhomo, dzino limodzi atalisiya pamphasa, natuluka.

M'chipindamo munangoti zii. Dhaniram anaima akupuma mwawefuwefu, thukuta likutsika m'ndevu. Pafupi ndi phazi lake, pakati pa mabuku omwazika aja, panali limene ankalifuna: njovu yaikulu yabuluu ikusamba mumtsinje. Analitola ndi zala zake zopindikazo, nalipukuta pamalaya. Linalibe magazi ngakhale dontho. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe.

Anatembenuka, nafewetsa mawu mmene akanathera.

"Nali, mwanangu. La njovu. Ukawapatse achimwene ako."

Anaponda sitepe imodzi kumuyandikira. Anali ataiwala kuti dzanja linalo lidakagwira nsungwi.

Rinki sanathawe, ndipo sankalira. Anali atanjuta pakona, magazi akutsika m'katumba, maso atatsinzina. Manja ake onse awiri anali ataphimba khutu lakumanzere, akudikira.