Chipeso cha Mayi Telala

Mayi telala anapita kuchipatala kachinayi mwezi umodzi kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Sankadwala. Ankangofuna kuti namwino awagwire mkono pomanga lamba woyezera.

Chimwalirireni amuna awo zaka zitatu zapitazo, panalibe amene anawakhudzapo. Iwo ankagwira anthu tsiku lonse, tepi m'chiuno, tepi m'mapewa, koma zinali ngati kuyeza tebulo. Ankadya, kusoka, kugona. Singano ikawabaya ankangoona magazi, basi.

"Amayi, mtima wanu ndi wolimba kuposa wanga," anatero namwino akumasula lamba. "Kapena mwangondikonda? Talowani chitseko chachiwiricho, muli mlangizi."

Analowa chifukwa kukana kukanatalikitsa nkhani.

Mlangiziyo, mayi wa magalasi, anafunsa za kunyumba.

"Ndimakhala ndi mwana wanga ndi mkazi wake."

"Mpongoziyo mumamvana naye?"

"Alibe vuto. Kungoti kwawo amakumbatirana ngati ana a mphaka. Tsiku lomwe anafika anandilumphira m'khosi, ine n'kumukankha. Kwathu sititero. Kuyambira pamenepo tiyi amandipatsira patali, ngati ndili ndi mphere."

"Ndiye kuti akumvera lamulo lanu."

Mayi telala anangoyang'ana kalendala pakhoma.

"Wochotsa lamulolo ndi mwini wake," anatero mlangizi. "Za kukumbatirana zisiyeni kaye. Mupempheni kanthu kakang'ono kofuna manja."

"Nanga akakana?"

"Mudzandiuza Lachinayi."

Anabwerako Lachinayi kawiri asanapemphe kanthu. Mlangizi sanawakalipire. Ankangofunsa kuti mawu akutsakamira pati.

Sabata yachitatu, masana, mayi telala anapeza mpongozi akupinda zovala patebulo kunyumba. Anaima pakhomo chipeso chili m'manja.

"Apongozi, mkonowu sukufika kumbuyo. Tandipesani."

Mpongozi anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwake.

"Ine, amayi?"

"Muli wina muno?"

Mayi telala anakhala pampando wosokera. Zala zinalowa m'tsitsi mwawo, zofunda, zonunkhira sopo. Poyamba sanamve kanthu, ndipo anaganiza kuti mlangizi uja wangowatayitsa nthawi. Kenako mapewa anatsika okha, mutu n'kuyamba kulemera.

"Ndikukupwetekani?"

"Mukupesa ngati mukuopa kulumidwa. Limbitsani dzanja."

Mpongozi anaseka chamumtima, n'kuwagwira pachipumi ndi dzanja linalo kuti mutu usagwedere. Tsitsi lawo linali lochepa, linapeseka msanga. Chipeso sichinaime, ndipo mayi telala sananene kuti zakwana.