Chidindo cha pa Mwami

Nusra anali mtsikana wa ku Mchinji, wophunzira unamwino mu Lusaka, ndipo ankakhala kwa azakhali ake a Riziki ku Chawama. Zaka zitatu zinali zitatha, patatsala mayeso amodzi basi, a Lolemba. Koma chilolezo chake chokhalira mu Zambia ngati mwana wasukulu chinali chitatha milungu itatu yapitayo.

Poyamba iye analibe nazo mantha. Anzake anamuuza kuti chilolezo chikatha umangotuluka m'dziko n'kulowanso ngati mlendo, amakupatsa masiku ochepa oti umalize zako. Nanga si anatulukadi? Anapita kwawo bambo ake ali kayakaya, chilolezo chinathera komweko, maliro atatha n'kubwerera. Ndiye ankadziwerengera yekha masiku aulendo, mtima uli m'malo.

Loweruka m'mawa azakhali anaitana ba Dixon, oyandikana nawo nyumba, amene kale ankathandiza amalori kulemba mapepala pachipata cha m'malire cha Mwami. Ankangofuna kuti awawerengere masiku otsala. Ba Dixon ananyowetsa chala, natsegula pasipoti tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kuyambiranso.

"Ba Nusra, chidindo chili kuti? Munapita bwanji ku Malawi imwe?"

Apa m'pamene Nusra anakumbukira. Tsiku lija atatsika basi ku Chipata, msuweni wake anamutenga panjinga yamoto, nadzera njira ya m'minda yolambalala chipata cha Mwami. Kwawo aliyense amadzera momwemo, popita kuchigayo, kumaliro, ngakhale kokapempha mchere. Ndani angakaime pamzere bambo ake akutsirizika? Anawapeza akupumabe, nawagwira dzanja mpaka madzulo. Pobwerera anadzeranso momwemo, osaganizako n'komwe.

"Mayo ine!" anatero ba Dixon. "Buku iyi ikamba kuti simunachokepo mu Zambia. Masiku ya mlendo mulibe olo imodzi. Vinthu ni viwiri: munakhalitsa chilolezo chitasila, olo munajumpha malire. Sankhani mulandu."

Anabweza pasipotiyo msangamsanga ngati mbale yotentha, n'kumapita.

Kuyambira pamenepo Nusra mantha anamugwira zenizeni. Galimoto ikaima pamsewu, iye kuseri kwa chitseko. Mwana wa eni nyumba atagogoda kudzabwereka tsache, Nusra anathawira kuchipinda. Ankadziona ali m'galimoto ya boma kulowera kumalire, anzake akulemba mayeso, zaka zitatu zitapita m'madzi.

Azakhali anaganiza tsiku lonse. Lamulungu masana anamukhazika pampando.

"Mawa m'mamawa tikadzipereke tokha ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, mayeso asanayambe. Wokhalitsa mwina amamumvera chisoni, koma wolumpha malire sindikudziwa. Ndiye iwe sunapite kulikonse, wamva? Ine ndikhale bwana, undiyankhe. Mtsikana, unatulukapo mu Zambia chaka chino?"

"Ayi, bwana."

"Kweza mawu! Nanga bwanji sunabwere chilolezo chisanathe?"

"Ndinali ndi maliro, bwana. Bambo anga."

"Iwe! Ukatero akufunsa kuti maliro anali kuti. Chabwino, bambo ako pomwalira, iwe unali kuti?"

Nusra anayang'ana dzanja lake lamanja, lomwe lija bambo ake analifinya pomaliza.

"Ndinali kuno ku Chawama," anatero. "Sindinawaone."

Azakhali anatembenukira kukhoma, pakuti womwalirayo anali mlongo wawo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nakhalanso tsonga.

"Mawu akunjenjemera, mwana wanga. Bwerezanso."