Madzi a Zitheba

Mtsuko unasweka Dehua akuukoka kuti ogula nyumba aone bwino kukhitchini. Madzi amchere anayenderera pansi, zitheba ndi tsabola zili mbwee, fungo lowawasa n'kudzaza nyumba yonse.

Mlongo wake Yulian anagwada m'madzimo, asanavule n'komwe nsalu yoyera ya maliro a mayi awo. Madziwo anali akale kuposa iye. Mayi anabwera nawo pokwatiwa kuchokera kwawo kumapiri a Sichuan, ndipo chaka ndi chaka ankangowonjezeramo mchere, adyo ndi zitheba zatsopano, osawataya.

"Achimwene, mwawapha kachiwiri amayi."

"Ndi ndiwo chabe, iwe. Ndikakugulira zina kumsika."

"Nyumba mukugulitsa, mkazi munathamangitsa. Chatsala n'chiyani choti muswe?"

Dehua anatuluka kukasuta.

M'mawa mwake kunabwera Suqin, mkazi amene Dehua anamusiya kalekale. Pamaliro anangoimira patali, koma tsopano analowa atafukata mtsuko ngati khanda.

"Alamu, ndamva kwa aneba," anatero kwa Yulian. "Bweretsani mtsuko wina wouma bwino."

Yulian anavundukula wa Suqin. Madzi ankatulutsa tithovu ngati chinthu chopuma. Anatola chitheba n'kuluma. Chinalira pamano, tsabola n'kuyaka palilime, kenako kuwawasa komwe kuja anakula nako.

"Awa ndi madzi a amayi! Munawatenga kuti?"

"Tsiku limene ndinkachoka pano ananditsatira mpaka pabasi, kabotolo atabisa m'malaya. Anati, 'Wakusiya ndi mwana wanga, osati ine.' Zitheba zikacha ankabwera kudzalawa, n'kundikalipira kuti ndine woumira pa tsabola."

Dehua anali ataima pakhomo, fodya atazima m'manja.

"Ankandiuza kuti akupita kukachisi."

"Ankapitadi, akachoka kwanga."

Suqin anatunga madzi aja ndi chipande, n'kuthira mumtsuko watsopano pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho. Yulian ankalongamo zitheba. Kenako Suqin anapatsa Dehua chitheba chimodzi osamuyang'ana. Iye anatafuna nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi chikhatho.

"Tsabola wachuluka," anatero ndi mawu osasa.

Suqin anatapa tsabola wina wodzaza dzanja n'kuponyamo.

"Amayi akanati wachepa."