Foni Yachitatu

"Yanditulutsanso," anatero bambo, akugogoda tabuleti ndi chala ngati akudzutsa munthu.

Ndinali ndikuthira tiyi. Anatayikira pambali pa kapu.

Nyuzipepala ya pa intaneti imene bambo ankalipira inkalola zipangizo ziwiri zokha, tabuleti yawo ndi foni yanga. Koma ine ndinali nditapereka pasiwedi kwa chibwenzi changa, mnyamata wokonza njinga zamoto kutsidya kwa tauni. Bambo anali asanamuonepo, anangomva mphekesera, n'kunena kuti zikakhala zoona ndikamalizira sukulu kwa azakhali, kutali. Mauthenga sitinkatumizirana, poti achimwene ankasecha foni yanga ngati wapolisi. Tinkalankhulana posunga nkhani mu akauntimo. Ya mvula inkatanthauza kuti ndakusowa. Ya sitima, tikumane pabenchi kuseri kwa laibulale. Ndinkangoona kukoma kwa chinsinsi, osaganiza kuti wachitatu akalowa wina amakankhidwira kunja.

Achimwene anatenga tabuleti ija n'kutsegula mndandanda wa zipangizo zolowa mu akauntimo. "Muli wakuba muno, bambo. Foni iyi ndi ya mlongo wangayu. Nanga ina iyi?" Anandiyang'ana. "Wapatsa ndani?"

"Palibe."

"Palibeyo ali ndi foni yabwinotu."

"Zisiye," anatero bambo. "Tiziona madzulo."

Masana ndinathawa kalasi n'kuthamangira kugalaja. Ndinamupeza atagwada pambali pa njinga, manja ali bii ndi oyilo.

"Tuluka mu akaunti ija lero lomwe," ndinatero, ndikupuma mwawefuwefu.

"Moni kaye, dona. Ndiwe unandidikiritsa pachabe pabenchi dzulo."

"Dzulo?"

"Unasunga ya sitima. Ndinasiya ntchito osasamba n'komwe."

"Sindinasunge kanthu ine."

Anaseka, akuganiza kuti ndikumuseleula. "Mwayi wake panali mdala wina wocheza. Mphepo inamuulutsira chipewa, ndinamutolera. Anandifunsa kwathu, ntchito, ngakhale zimene ndimawerenga."

Sindinamuuze zimene ndinkaganiza, kuopa kuti ndikazitchula zikhala zoona.

Madzulo tinakhala pathebulo atatu. Pasikirini panalembedwa kuti tichotse chipangizo chimodzi. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kulongedza chikwama cha kwa azakhali.

"Chotsani wakubayo, musinthe pasiwedi," anatero achimwene. "Kenako uyu atiuze dzina."

Bambo anavala magalasi pang'onopang'ono. Chala chawo chinayendayenda pamwamba pa mafoni awiri aja, chinaima, kenako chinadina. Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Ndinali kunja kwa akaunti.

"Mwalakwitsa, bambo! Imeneyo ndi yake."

"Maso anga akuona," anayankha bambo, osatukula mutu. "Wakubayu amawerenga nkhani mpaka pamapeto. Mlongo wakoyu amangosaka mvula."

Ine ndinkadikirabe mawu oti azakhali. Sanamveke. Bambo anapitiriza kuwerenga, ndipo nditasuzumira paphewa pawo ndinaona akusunga nkhani ya sitima.

"Mawa usachedwe kuweruka," anatero kwa ine. "Benchi lija ndi lalitali, tikwanapo atatu."

Anandipatsa chipewa chawo kuti ndikachikoleke kuseri kwa chitseko. M'mphepete mwake munali chidindo cha chala, chakuda ndi oyilo, ndipo bambo, munthu wosalola ngakhale kafumbi pa chovala, anali asanachipukute.