Funso Limene Kefasi Sanafunse

Tsiku limene Kefasi ankachoka pa famu ya fodya ku Mazowe, akali mnyamata, analonjeza bambo ake, a Obadiah: "Ndikangopeza ntchito m'tauni, ndidzabwera kudzakutengani. Simudzafera mu komboni muno."

Zaka zinapita. Pofika 1978 Kefasi anali akugonabe m'kachipinda ka lendi ku Zengeza, kufupi ndi mzinda wa Salisbury, kale lija nyumba zikununkhabe simenti, ana akuyankhabe makolo awo m'Chichewa. Ku Salisbury ankamuitana ndithu ku intavyu, koma ankabwerako chimanjamanja.

Mayi Eneless a nyumba yoyandikana, amene ankasoka pa fakitale ya mabulangete, anamuitanira pakhonde.

"Tandionetsani, achimwene, mu ofesi mumalowa bwanji?"

Kefasi anavula chipewa, nanyonyomala, maso pansi.

"Mai we! Mukufuna basa, ntchito yeniyeni, kapena mukupepesa mlandu? Za pa famu zimenezo. Kuno amayesa mukubisa kanthu. Khalani pampando, muwayang'ane m'maso. Musamangoti 'inde bwana'. Mathirakitala munkakonza aja, anenenitu. Ndipo akakupatsani mpata, za bambo anu munene pomwepo."

Anayeserera madzulo alionse, ana akuseka kumpanda.

Fakitale ija itafuna wokonza makina, Kefasi analawirira, malaya ali osita bwino. Anakhala pampando. Anamuyang'ana kapitawo m'maso, nafotokoza za injini mpaka mkuluyo anagwedeza mutu.

"Uyambe mawa. Kuno timagwira ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ntchito yachuluka. Pali vuto?"

Mawu anali pamlomo: masiku ochepa chabe, ndikatenge bambo anga. Koma maso anagwa pansi okha, monga ankachitira pa famu.

"Palibe, bwana."

Ntchito anaipeza. Mayi Eneless analulutira mpaka msewu wonse unamva. Kenaka anafunsa, "Nanga za ku Mazowe anati chiyani?" Kefasi anangoyang'ana nsapato zake.

Inu amene mukupita ku intavyu, konzekerani. Fikani msanga, yang'anani wofunsayo m'maso, nenani zimene mumatha. Koma nenaninso chimene chikukuvutani musanavomere, pakuti munthu akangoyamba ntchito, pakamwa pamalemera.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, nkhondo yomenyera ufulu inatseka msewu wa ku famu kuja. A Obadiah anamwalira, naikidwa kuseri kwa komboni, pafupi ndi zigafa za fodya. Kefasi sanapite kukawatenga.